Nyemba Zinamera M'chiguduli

Kwathu nyemba sitinkabzala zouma. Ena ankatiseka, ena ankatitengera, koma ife tinabadwa n'kuzipeza zili choncho. Mvula ikayandikira, amayi ankakhuthulira mbewu m'beseni, kuthira madzi mpaka zonse zitamira, n'kuzisiya zigone momwemo. Pofika m'mawa zinkakhala zitatupa, khungu litasalala. Ukaziponya m'dothi lonyowa sizinkachedwa ayi. Anzathu akamati zawo zayamba kusuzumira, zathu zinali zitatambasula kale masamba.

Mwina mufunsa kuti amayi ankadziwa bwanji kuti mvula igwa tsiku limenelo. Musaseke, ankamvera chitseko. Chitseko cha kukhitchini kwathu chinathyoka chokolekera ine ndisanabadwe, ndipo bambo akhala akulonjeza kuchikonza mpaka imvi zawamera. Mphepo zina zonse zinkangochidutsa. Koma mphepo ya mvula inkadzera kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuchimenyetsa, gu! gu! Amayi akangomva, kaya akusenda mbatata, kaya akutiluka tsitsi, ankasiya pomwepo. "Beseni! Wina abweretse beseni!" Ineyo ndinayendapo tsiku lathunthu mutu uli woluka mbali imodzi chifukwa cha chitseko chimenecho. Ubwana wanga wonse sindinachionepo chikunama.

Kukacha tinkapita tonse kumunda, dothi lidakali lofewa. Bambo ankatsogola kukumba mapando, amayi pambuyo kuponya mbewu, ife ana kufotsera ndi zidendene. Matope ankatulukira pakati pa zala, ozizira bwino. Achimwene ankandipaka matope kumsana, ine kulira, amayi kutikalipira tonse osatembenuka n'komwe. Masiku amenewo ndimawasowa, mpaka nthawi zina ndimaimitsa makina anga osokera n'kungokhala, kasitomala akundiyang'ana.

Nyembazo zinali zoyanga, zoyera zamawanga ofiira. Amayi anabwera nazo pokwatiwa, atazimanga pakansalu, ndipo chaka chilichonse ankakhala pamphasa kusankha zonenepa zokhazokha n'kuzisunga m'phulusa kuti zisafumbwe. Pamsika anthu ankazifunsa ndi dzina lawo, kuti kodi za mayi aja zilipo? Malata a nyumba yathu, yunifolomu yanga ya kusukulu, ngakhale makina osokera amene ndikudyera lero m'tauni, zonsezo zinatuluka m'makoko a nyemba zimenezo.

Amayi anapita nthawi yabwino, ndimatero ine, asanaone kumwamba kukusokonekera. Chaka china madzi anadza ngati akuthamangitsidwa, n'kukokolola munda wakumunsi ndi mbewu zomwe. Chaka china dzuwa linakhazikika pakati pa dzinja osafuna kusuntha. Kenako kunabwera njala imene anthu anaphika ndi mbewu yomwe. Yathu inatsika kuchoka m'matumba kufika m'ndowa, kuchoka m'ndowa kufika m'chitini chimene kale munali mkaka waufa. Achimwene anaona kuti khasu silikubwezanso moni, anakagula njinga yamoto yakale n'kupita kukanyamula anthu kutali. Pakhomo panatsala bambo ndi mlamu wanga, mkazi wa achimwene aja, munthu wa mawu ochepa koma olasa.

Chaka chimene ndikunenachi ndinapita kwathu kukasiya buluku limene ndinawasokera bambo. Ndinkati ndingogona pang'ono n'kubwerera, chifukwa ndinasiya nsalu za anthu zitaunjikana patebulo. Kunkatentha koopsa. Nkhuku zinkayenda zitatsegula kukamwa, mapiko ali lende. Bambo anayesa buluku lija, anazungulira nalo pabwalo, n'kunena kuti ndawapunja m'chiuno. Sindinawapunje ayi, iwowo ndi amene anaonda.

Masana a tsiku lotsatira tili pakhonde, tinangomva gu! Kenako gu! gu!

Bambo anadzuka ngati mnyamata. Kumwamba chakuseri kwa nyumba kunali kutada bii, ndipo mphepo inabwera ndi fungo lija la dothi lonyowa. Analowa m'chipinda mwawo n'kutuluka atakumbatira chitini.

"Beseni," anatero.

Mlamu sanasunthe. "Bambo, chaka chatha chitsekochi chinamenyanso chonchi. Mvula yake inagwa kamodzi, n'kupita kukagona kwa eni ake."

"Chaka chatha ndi chaka chatha. Tamva fungolo."

Ine ndinalowererapo. "Bwanji tinyike theka, bambo, theka tisunge? Mbewu ndi yomweyi, kulibenso kwina."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Dzina langa analisiya kalekale, amangonditchula ntchito. "Telala, iwe munthu akakupatsa nsalu ya diresi, umasoka theka n'kumuuza kuti linalo adzavale chaka chamawa? Tikachedwa kubzala zidzapsa ndi dzuwa zili maluwa. Amayi ako sankanyika theka."

Atatchula amayi nkhani inathera pomwepo. Ndinapita ndekha kukatenga beseni. Ndipo ndisaname, nanenso mtima unkavina, chifukwa fungo lija linandibwezera ku ubwana. Bambo anapeta phulusa, anakhuthula chitini chonse, n'kuchigogoda kumbuyo kuti pasatsale ndi imodzi yomwe.

Mabingu anagunda mpaka galu anakabisala pansi pa bedi. Madontho anagwa pamalata, akuluakulu, ta, ta, ta. Tinathamangira kukaanula zovala, kuika ndowa pansi pa denga, mlamu naye akuseka tsopano. Tisanamalize n'komwe kuika ndowa, madontho aja analeka. Mtambo wonse unapendekera kumbali n'kupita. Pabwalo panangotsala timabowo m'fumbi.

"Ikubwera," anatero bambo. "Yangopita kukaitana anzake."

M'mawa kumwamba kunali mbee. Bambo anakhetsa madzi m'beseni, anakulunga nyemba m'chiguduli chonyowa n'kuchiika pakona yozizira m'khitchini, monga ankachitira amayi mvula ikachedwa pang'ono. Madzulo mitambo inasonkhananso, inatiopseza, n'kubalalika. Tsiku linalo chimodzimodzi. Bambo anasiya kukhala pakhonde, ankangozungulira nyumba manja ali kumbuyo, khosi lili m'mwamba.

Amene anatsegula chiguduli anali mlamu. Anandiitana ndi dzanja. Nyemba zonse zinali zitang'ambika, iliyonse itatulutsa kamuzu koyera, kopindika, tina titaloweratu mu ulusi wa chiguduli kufunafuna dothi. Nyemba youma imadikira ngakhale chaka. Yomera siidikira munthu, ndipo sungaibwezerenso m'chitini.

Bambo analowa, anaona, n'kukhala pampando wamatabwa.

"Tiphike, bambo," anatero mlamu mofatsa. "Zikaola tidzakhala titaluza mbewu, taluzanso ndiwo."

"Uphike?" anatero bambo. "Amayi anuwa ndinawaika m'manda kamodzi. Ndiwaikenso mumphika?"

Mlamu anaweramitsa mutu. Ine misozi inali pafupi, koma mkwiyo unatsogola. Ndinkafuna kuwafunsa kuti nanga za theka zija ndinkanena chiyani, koma madzi akatayika saoleka. Ndinangoti, "Ndiye titani?"

"Tibzala. Tizithirira."

"Ndi madzi ati, bambo?"

Anadzuka pampando. Anatenga khasu n'kutuluka.

Tinabzala m'fumbi lotentha moti linkawotcha mapazi. Bambo kukumba mapando, ine kuika mbewu mosamala kuti timizu tisathyoke, mlamu kuthira kapu ya madzi phando lililonse. Madziwo ankangoti tsii, n'kuzimiririka tikuona. Tinaphimba ndi udzu wouma. Mizere inayambira pansi pa mtengo wa mango n'kutsetsereka mpaka kumunsi, kumene kale kunkadutsa kamtsinje.

Kamtsinje kameneko ndi kamene tinkachapako, tikugwira nkhanu pansi pa miyala, amayi akutiopseza kuti tidzatenga chimfine. Sikankaphwa ngakhale chilimwe chitavuta bwanji. Tsopano munali mchenga ndi mapazi a mbuzi. Tinakumba mpaka m'chiuno, tinapeza mchenga wonyowa pang'ono basi. Choncho madzi onse ankayenera kuchokera kumjigo, kumene mzere wa zidebe unkayamba dzuwa lisanatuluke.

Ine manja anga anazolowera singano ndi sizasi. Chidebe pamutu ndinasiya ndili mtsikana. Tsiku loyamba khosi linauma ngati mtengo, lachiwiri ndinkayenda ngati bakha. Mlamu ankandiseka. "Madamu a m'tauni, kodi mpopi munauiwala pa basi?" Koma tinkapita, kubwera, kupitanso. Ndipo nyemba zinatuluka, abale inu, zinatuluka zonse, mizere yobiriwira pakati pa munda wofiira. Anthu odutsa ankaima n'kumaloza.

Mjigo nawo unali utayamba kutopa. Unkapopa mpaka mkono kuwawa, madzi n'kumatuluka ngati akuchita manyazi. Tsiku lina titafika ulendo wina ndi zidebe zathu, anatiimira kutsogolo mayi wina woyandikana nafe nyumba, amene tonse timamutcha a Wailesi chifukwa akatsegula pakamwa palibe wodziwa pozimitsira.

"Iyayi, lero ndiye ayi! Takuonani kuyambira m'mawa. Ana athu amwe fumbi kuti nyemba zanu zisambe? Inu a telala, kwanu kuja mumathirira maluwa, kuno madzi ndi akumwa!"

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawauza kuti mjigo sanabwere nawo pokwatiwa. Iwo anandiuza kuti ndinathawa khasu ndili ndi mano onse, lero ndabwera kudzaphunzitsa anthu ulimi. Amayi ena anaseka, ena anatigwira. Tinabwerera ndi chidebe chimodzi. Chimene chinandiwawa kwambiri panjira n'chakuti a Wailesi sankanama. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana wobereka khanda, atadikira kuyambira m'mawa ndi kachigubu kamodzi.

Madzulo ake mlamu anaika nkhani poyera. "Bambo, madzi amene tingapeze sangakwane munda wonse. Tikagawira zonse, zifa zonse. Tisankhe mizere yoti ikhale, ina tiisiye."

Tinapita nawo kumunda kuti asankhe. Anayenda mzere woyamba mpaka kumapeto, anabwerera ndi wachiwiri, akuwerama apa ndi apo kukhudza tsamba. Mzere uliwonse anaupezera chifukwa. Uwu wamera bwino. Uwu ndi wofooka, ukufunika thandizo. Mapeto ake anavula chipewa n'kupukuta nkhope.

"Sankhani inuyo. Ine sindingathe."

Anapita kukakhala pachitsa atatifulatira. Mlamu anatenga ndodo n'kulemba mzere pansi. Za pafupi ndi mthunzi wa mango ndi zina zakumunsi kumene dothi limasunga chinyezi zinakhala zathu. Zapakati zonse tinazisiyira dzuwa.

Kutacha, ndikusesa pabwalo, ndinaona a Wailesi akubwera ndi ndowa pamutu. Ndinakonzeka kuti nkhondo ya dzulo ipitirire. Anatula ndowa ija patsogolo panga.

"Musandithokoze, ndi otsukira mbale. Sopo mulibe, ndinasamala. Amayi anu anandipatsako mbewu imeneyi ndili mtsikana wongokwatiwa kumene. Yanga ndinaphikira ana chaka cha njala chija, ndiye ikatha yanuyi yatha basi. Koma za dzulo zija sindinabweze, mwamva? Kumjigo musabwerenso ndi zidebe zambirimbiri."

Anapitiriza kulankhula mpaka kukafika pakhomo pawo. Kuyambira tsiku limenelo ndowa ya madzi otsukira mbale inkafika m'mawa uliwonse, ina kuchokera kunyumba zimene sitinapemphe n'komwe.

Mizere yapakati inayamba kufota, koma modabwitsa ina siinkafa. M'mawa tinkapeza timabwalo tonyowa pamapando ena amene tinawasiya. Mlamu ndi amene anagwira wakuba. Madzi amene ankawaikira bambo kubafa ankatha, koma bambo ankatuluka ouma ngati mmene analowera, fumbi lili m'khosi. Ankadzera kuseri ndi madzi osambawo n'kukagawira mizere yotayidwa ndi kapu.

"Asiyeni, mlamu," anandinong'oneza mkazi wa achimwene uja. "Paja amati mvula ikakuona litsiro siikata. Mwina bambo akufuna iwaone."

Tinaseka mpaka kugwirana, kenako ndinapezeka ndikulira. Munthu amene ankadzaza ngolo ndi matumba, lero akuba madzi ake omwe osamba kuti apatse mbewu imene akudziwa kuti ifa. Ndinawamvera chisoni bambo anga kuposa tsiku la maliro a amayi.

Foni yanga nayo siinkapuma. Mwini diresi laukwati limene ndinasiya ndisanamalize kusoka anayamba ndi kupempha, kenako kulira, kenako kunditchula mayina amene sindingabwereze pano. Ndinayenera kubwerera. Bambo anandiperekeza mpaka pamsewu atavala buluku lija, atalimanga ndi chingwe. Sitinalankhule za nyemba. Anangondiuza kuti ndisamadye zogula m'njira.

Mvula inabwera ine ndili kale m'tauni. Mlamu anandiimbira, mawu ake akumveka pang'ono chifukwa cha phokoso la pamalata. "Mlamu, walira mvula walira matope. Yonse imene inatimana ija yabwera masana amodzi." Madzi anatsika m'munda ngati mumsewu, anakumba ngalande pakati, n'kunyamula mizere yonse yakumunsi, yomwe ija tinaithyokera makosi. Zinatsala za pansi pa mango zokha, chifukwa mizu ya mtengo inagwira dothi. Bambo anazizikira timitengo, anazitchingira ndi minga kuopa mbuzi, ndipo mlamu akuti ankadyera komweko.

Miyezi inapita. Tsiku lina ndili pamakina foni inalira, ndipo anali bambo eni ake. Bambo saimba foni, amati imadya mawu a munthu. Anangoti, "Telala, ubwere," n'kudula. Ndinakwera basi mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti akudwala.

Ndinawapeza ali bwinobwino, atakhala pamphasa pakhonde, lichero lili pamiyendo. Ankasankha nyemba. Zonse zimene munda unabweza zinali pakati pa lichero, kamulu koti ungakaphimbe ndi manja awiri. Koma zinali zomwe zija, zoyera zamawanga ofiira, zonenepa.

"Zapulumuka, bambo!" ndinatero, ndikugwada pambali pawo.

"Zapulumuka."

Anatulutsa kansalu m'thumba, anakhuthuliramo nyemba zija, anawaza phulusa pang'ono n'kumanga mfundo. Kenako anandigwira dzanja n'kuika kamtolo kaja m'chikhatho changa.

"Paja unati kumene ukukhala kuli mpopi?"

"Ulipo, wa tonse a pa lendi. Koma bambo, ine munda ndilibe. Kuseri kwa nyumba kuli kampata kongoyanikapo zovala."

"Zitini zilipo? Matumba akutha a simenti? Uike dothi mmenemo. Izi ndi zoyanga, zidzakwera pampanda."

"Ndiye tigawane. Theka nditenge, theka litsale kuno."

Anaseka pang'ono. "Wayambanso za theka zija." Kenako nkhope inasintha. "Ayi, mwana wanga. Ine ndikudzidziwa. Ndikadzangoona mtambo manja adzandiyabwa, ndidzanyikanso zonse. Mutu umamva zimene mukunena, koma manjawa anaphunzira nyengo ina. Ndipo munda uwu sungathenso kuzisunga. Ndaulima kuyambira ndili mnyamata, ndikuudziwa ukamakana."

Mlamu anali ataima pakhomo ndi mbale m'manja. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Ndinayesa kuwabwezera kamtolo kaja. Ndinawauza kuti ine ndi telala, kuti ngakhale duwa la m'chitini linandifera, kuti ana a anthu a pa lendi adzathyola, kuti akundisenzetsa katundu wolemera. Iwo anangotseka zala zanga ndi manja awo onse awiri, manja okhakhala ngati khungwa, n'kuzigwira choncho mpaka ndinasiya kulankhula.

"Ukazisamale. Zikachuluka, ndidzabwera ndi basi kudzapempha mbewu kwa iwe, ngati mmene anthu ankabwerera kwa amayi ako." Anasiya dzanja langa. "Usadzandimane."